A Simwela, dalaivala wodikira sipeya

Loweruka lapitali tinakaika chiliza pamanda a a Yotamu Simwela, poti chaka chakwana chiwaikireni. Abusa analalikira za munthu amene anamaliza bwino ulendo wake, anthu n'kumavomera ndi mitu. Ine ndinavomera kuposa onse, chifukwa ndikudziwa kuti ulendowo unatsala pang'ono kukathera kupolisi. Ndinene mosabisa: tsiku limene anamwalira ndinalira ngati mwana wawo, koma pansi pa misoziyo mtima wanga unakhala m'malo. Anapita osapha munthu. Kwa nkhalamba imene maso anali atatha koma galimoto ili pakhomo, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Ine ndine namwino, kwathu ndi ku Ntcheu. Atanditumiza kudzagwira ntchito kuno ku Chitipa ndinapeza nyumba ya lendi kuseri kwa nyumba yawo ku Lufita, ndipo ndikukhala momwemo mpaka lero. Tsiku loyamba anandilonjera m'Chilambya, ine kukamwa yasa. Anasintha n'kuyesa Chitumbuka, ine n'kungomwetulira ngati mlendo wa pa ukwati. Anaseka n'kuti, "Basi, tiyowoye Chichewa chanu chomwecho, mwana wane." Kuyambira pamenepo ndinkawatchula kuti adada, akazi awo a Nachinga ndinkati amama, ndipo iwo ankanditchula kuti a nesi ngakhale ndili pa tchuthi.

Munthu sangakambe za a Simwela osayamba ndi galimoto yawo. Inali pikapu yakalekale ya ku Ulaya, yoyera pa chiyambi, koma pamene ine ndinkaiona inali itatenga mtundu wa fumbi la kuno. Zilembo za dzina lake zinathothokera mumsewu wa ku Karonga msewuwo usanaikidwe phula, ndipo eni akewo sankalitchula dzinalo mofanana kawiri, choncho anthu ankangoitcha Chigayo. Sitata yake inafa ine ndisanabwere. Chifukwa cha ichi ankaiimika pansi pa mtengo wa mango, pamwamba pa chitunda, mphuno italoza kumtsinje, mwala waukulu utatsekera tayala la kutsogolo. M'mawa ankachotsa mwala uja, galimoto n'kuyamba kutsetsereka, pakati pa chitunda n'kutsokomola kawiri, basi yalira. Akafika pa Boma ankazungulirazungulira kufunafuna potsetsereka poti aime, ngakhale patalikire bwanji ndi kumene akupita.

Dzina loti Chigayo silinachokere ku phokoso lokha. Linachokeranso ku nkhani imene ankaikonda kuposa nkhani zonse, mbiri ya kampani imene inapanga galimotoyo. Anaimva kwa wansembe wachizungu amene anawagulitsa pikapuyo adada atabwerako ku migodi ya ku Zambia, ndipo aliyense wokwera kutsogolo ankaimva, afune asafune. Ankati eni kampaniyo anali anthu a banja limodzi okhala kudera lozizira la mapiri, ndipo poyamba anali ndi chigayo basi. Chigayocho anachisandutsa malo osulira zitsulo n'kuyamba kupanga masowo odulira mitengo, kenako timakina toperera khofi, kenako njinga zakapalasa. Mmodzi atanena kuti tiyeni tipange galimoto, achibale ake anamuona ngati wapenga, banja n'kugawikana, mpaka patapita zaka anadzagwirizananso ataona kuti wopengayo ndiye anali ndi nzeru. Ngati wansembe uja anawonjezera, kapena adada anathirako mchere wawo, ine sindingadziwe. Chimene ankafuna kuti timve n'chakuti munthu amene anayambira pa chigayo amadziwa kuti makina ntchito yake ndi kudyetsa anthu, osati kudzionetsera. Ankanyadiranso kuti azungu atasiya kupanga mtundu umenewu kwawo, mayiko ena a kuno ku Africa anapitiriza kuulumikiza, chifukwa misewu yathu inali isanathane nawo.

Ndipo Chigayo anadyetsadi anthu. Ananyamula khofi kuchokera ku Misuku, chimanga ndi nyemba kuchokera ku Chisenga, malata, mbuzi, makwaya a mpingo, akwati, maliro. Amayi ambiri amene ndimawayeza kuchipatala amandiuza kuti iwo eni anabadwira kumbuyo kwa pikapu imeneyi kapena anatsala pang'ono kutero. Nthawi imene ulendo wa ku Karonga unkatha tsiku lathunthu, matope akafika m'mawondo, galimoto zina zikabwerera, a Simwela ankatsitsa anthu, kumanga unyolo ku matayala, n'kudutsa. Ankadzitama ndi chinthu chimodzi, ndipo ankachinena pafupipafupi mpaka ife kutopa nacho: chiyambireni kugwira chiwongolero sanagundepo chamoyo, ngakhale nkhuku. Ankati dalaivala mbiri yake si liwiro, ndi anthu amene anawasiya amoyo m'mbali mwa msewu.

Anthu a mapikapu a mtundu umenewu analipo angapo m'boma lino, ndipo adada ankadziwa mathero a iliyonse monga mmene munthu amadziwira kumene anakwatiwa alongo ake. Ya mphunzitsi wina wa ku Misuku inasanduka khola la nkhuku. Ya munthu wa sitolo ku Nthalire inagwera m'phompho itanyamula feteleza wopyola muyeso, ndipo pamenepo ankati wolakwa ndi mwini, galimoto inachenjeza. Koma imene inkawawawa kwambiri inali ya a Kayange, mnzawo wa paubwana, fundi wokonza magalimoto pa Boma. A Kayange atatopa ndi kusowa kwa masipeya anadula pikapu yawo pakati, kumbuyo kwake n'kupangira ngolo ya ng'ombe, iwo n'kugula ya ku Japan. A Simwela sanawakhululukire. Akakumana ndi ngolo ija panjira ankaima, kuvula chipewa, n'kupepesa kwa matayala. Akakumana ndi mwini wake mkangano unkayambira pa moni.

"Mwaghona, wakudula anzake miyendo," ankatero adada.

"Mwaghona, wakukwera chitunda kuti ayambe ulendo," a Kayange ankabweza. "Yanga ndimangopotokola kiyi, yalira."

"Yanuyo ikadwala mumaitanira mwana wa kompyuta. Yanga ndimaichiza ndi waya wa mpanda."

Ankakangana choncho mpaka tiyi kuzizira, kenako a Kayange n'kugona pansi pa Chigayo kumangitsa chimene chamasuka, uku akutukwana amene anaipanga.

Tsopano ndifotokoze za rota, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Rota ndi kachipangizo kakuda, kochepa ngati chala chachikulu cha kumanja, kamene kamazungulira m'kati mwa injini ya magalimoto akale n'kumagawira moto ku mapulagi. Kakachoka, galimoto ngakhale muikankhe mpaka ku Karonga siilira. Kuno ndi kumalire, ndipo kale galimoto ikabedwa madzulo, pofika m'mawa inali italowa dziko lina. Choncho a Simwela anali ndi mwambo wawo. Akaimika galimoto madzulo ankatsegula boneti, kuzula rota, n'kukaipereka m'manja mwa akazi awo. A Nachinga ankaimanga pa mfundo ya chitenje, pamene amayi ena amamangapo ndalama. M'mawa ankabweretsa tiyi, n'kumasula mfundo, n'kuika rota pambali pa kapu. Anachita zimenezi kuyambira ali achinyamata mpaka imvi, ndipo adada ankakonda kunena kuti kiyi ali ndi iwo koma galimoto ili ndi Nachinga.

M'mawa wina tiyi anabwera yekha. Ndinali ndikuchapa yunifomu panja ndipo ndinamva zonse.

"Rota ili kuti?"

"Yatayika," anatero amama. "Ndinapita kukachapa kumtsinje wa Lufita, mfundo inamasuka. Ndafufuza m'madzi, yayi."

Sindinawaonepo adada atapsa mtima ngati tsiku limenelo. Anakalipa m'zilankhulo zonse zimene ankadziwa, mpaka Chiswahili cha ku Tunduma chinatulukira. Anati zaka zonsezi mfundo sinamasukepo, lero yaphunzira kuti kumasuka? Amama anangopitiriza kupukuta kapu youma kale, maso ali pansi. Madzulo ake anabwera kwanga, anatseka chitseko, n'kundionetsa. Rota ija anali ataikwirira pansi pa mtsuko wa mawere, umene amuna awo sankaugwira.

Kuti mumvetse chimene mayi wofatsa ngati uja ananamizira mwamuna wake, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ndinali nditaona kwa nthawi kuti adada akamalankhula ndi munthu amatembenuza mutu wonse, ndipo nkhuku ikadutsa pambali pawo saiona. Ndinawanyengerera mpaka anapita kukaonana ndi a maso atabwera kuchipatala. Ndinkayembekeza kuti ndi ng'ala, imene amaichotsa munthu n'kuonanso. Sinali ng'ala. Anali matenda ena amene amadya diso kuyambira m'mbali, munthu n'kutsala akuona kutsogolo kokha ngati akusuzumira m'bango, ndipo chimene chadyedwa sichibwerera. Adokotala anawapatsa mankhwala odonthezera n'kuwauza kuti asiye kuyendetsa. Adada anathokoza mwaulemu, "Yewo chomene," anatuluka, n'kukwera Chigayo kubwerera kunyumba. Ine nditayesa kuwakumbutsa anandifunsa ngati ku Ntcheu ana amalanda makolo awo makasu. Mwana wawo Lukundo, amene amaphunzitsa ku Karonga, atalankhulapo, anamuuza kuti sukulu imene akunyadirayo inalipiridwa ndi galimoto yomweyo. Tonse tinagwira njakata.

Nthawiyi n'kuti msewu utasintha. Phula linabwera, ndipo pamodzi nalo maminibasi, a kabaza ndi njinga zamoto zimene zimatulukira paliponse ngati ziwala. Msewu umene adada ankaudziwa ndi mtima sunalinso womwewo. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina masana akubwerera kumsika, amama ali pambali pawo kutsogolo, anafika pokhotera kumlatho. Kumanzere kunkayenda mayi wina atasenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumsana. Amama anamuona ali patali n'kumadikira kuti amuna awo apatuka. Sanapatuke. Galasi la m'mbali linakola mtolo uja, mayi n'kuzungulira n'kugwera m'ngalande, mwana n'kulira. Mwamwayi anagwera chammbali pa udzu, onse awiri anangokalika pang'ono. Koma chimene chinawaumitsa thupi amama si kugwako. Adada anapitirira osachepetsa liwiro, n'kufunsa kuti, "Chalira n'chiyani kumbuyoko? Sipuling'i yamasukanso?"

Amama atafika kunyumba anabwerera wapansi kukam'peza mayi uja, anabwera naye kwa ine kuti ndimutsuke mabala, n'kumupepesa ndi nkhuku. Madzulo ake adada anazula rota monga mwa masiku onse n'kuipereka. M'mawa mwake ndi muja tiyi anabwera yekha.

Kubisa rota kunali kosavuta. Chovuta chinali chakuti rota ina ikanatha kupezeka. Galimoto za mtundu umenewu zinatha m'misewu, koma ku Tunduma ndi ku Nakonde kuli anthu amene angakupezereni chitsulo cha galimoto imene inafa agogo anu ali mwana. Adada ankadziwa zimenezi, ndipo anayamba kutuma aliyense wopita kumalire: amayi a geni ya zitenje, madalaivala a malole, ngakhale mlaliki wina wopita ku msonkhano ku Mbeya. Amama nawo anayamba ulendo wawo. Munthu akangotuluka pachipata atatumidwa, iwo ankamutsatira ndi kambale ka nyemba kapena nthochi, n'kumutsina khutu. Sipanatenge nthawi, Lufita yense anadziwa. Wotumidwa aliyense ankabwerako ndi nkhope yachisoni n'kunena kuti wafunsa sitolo zonse, akuti kampani inasiya kalekale kupanga zimenezo. Sindinaonepo anthu opemphera akunama mogwirizana chotero, ndipo sindikhulupirira kuti Mulungu anawalemba mlandu.

Komabe mtima wa amama unali m'mwamba tsiku lililonse. Bodza la anthu ambiri limafuna mlendo mmodzi yekha kuti liphulike. Njinga yamoto ikaima pachipata ndi kaphukusi, iwo ankasiya chilichonse n'kuthamangira kukalandira. Tsiku lina mdzukulu wa mlongo wa adada, amene anali asanamve nkhaniyi, anabweradi ndi rota kuchokera ku Nakonde n'kuipereka m'manja mwawo ife tikuona. Amama anakhala pansi pomwepo. Adada anatsegula boneti, anayesa, anatembenuza, anayesanso, kenako anaiponya m'manja mwa mnyamatayo n'kunena kuti amugulitsa ya galimoto ina. Ine ndinapuma ngati ndatula mtolo. Amama tsiku limenelo anadwala mutu mpaka madzulo.

Zaka zinapita, Chigayo ali pansi pa mango, mwala uli pa tayala. Koma musaganize kuti inasanduka khola ngati ya ku Misuku ija. M'mawa uliwonse adada ankaipukuta, kupopa matayala ndi pampu ya njinga, n'kuzungulitsa injini ndi chitsulo cha kutsogolo kuti isagwirane. Akatha ankakhala pa mpando wa dalaivala, chitseko chili chotsegula, wailesi ili pambali, n'kumalandirira alendo pomwepo. Ankavala jekete lawo lakhaki la ku migodi, kuzizire kusazizire, dzanja limodzi lili m'thumba. Jeketelo linali mkangano wina pakhomopo, chifukwa m'zaka zomalizazi sankalola kuti amama alichape. Ankati munthu amene anataya rota mumtsinje angatayenso jekete, ndipo ankalichapa okha mu beseni kuseri kwa nyumba, likauma n'kulivalanso.

Mlendo aliyense ankauzidwa nkhani yomweyo. Munthu akafunsa kuti, "Adada, masiku ano simukuyenda?" iwo ankayankha mokweza kuti amama amve kukhitchini: "Ndiyenda wuli? Ndikudikira sipeya. Mayi uyu ananditayira galimoto m'madzi." Amama ankayankha ali komweko kuti akanakhala wosasamala sakanaisunga zaka zonse zija. Adada ankati kusunga zaka zambiri n'kutaya tsiku limodzi ndi kutaya basi. Alendo ankaseka, ine ndinkaseka nawo, koma ndinkadziwa kuti amama mawuwo amawalasa. Tsiku lina akusankha nyemba pakhonde langa anandiuza kuti, "A nesi, munthu uyu sindinamubisirepo kanthu chikwatiraneni. Tsopano ndimagona naye nyumba imodzi ndi bodza. Ndikayamba kufa ndine, mukatenge chija mu mtsuko mukachiponyedi mu Lufita, asadzachione."

Amene anayamba kutisiya ndi adada. Chibayo chinawagwira m'nyengo yozizira, mphepo ya kuno ija imene imalowa mpaka m'mafupa, ndipo anagona kuchipatala masiku ochepa. Amama anakhala pambali pa bedi akulimbana ndi mtima wawo. Kangapo konse anandikokera pakhonde n'kundifunsa ngati awauze. Ine sindinawalimbikitse kutero, chifukwa tinkayembekeza kuti achira, ndipo munthu uja akanachira atadziwa kumene kuli rota, sindikanabetcha kuti Chigayo akhalabe pansi pa mango. Anamwalira m'mawa wina dzuwa litatuluka, mwakachetechete, amama asananene kanthu. Tinawanyamula pa galimoto ya ku Japan ya a Kayange, ndipo a Kayange analira njira yonse, akupepesa kuti mnzawo akupita kumanda pa galimoto imene ankainyoza.

Maliro atatha amama anasiya kudya. Anthu ankati ndi chisoni cha umasiye, koma ine ndinkadziwa kuti pali china. Ankangobwereza kuti, "Ndamunamiza mpaka kumanda. Wapita akuganiza kuti ndine wosasamala." Ndinkawauza kuti anapulumutsa anthu, mwinanso ana, ndiponso mbiri imene amuna awo ankainyadira. Ankavomera ndi mutu, koma mbale inkabwerera momwe yapitira. Ndinayamba kuopa kuti tiika maliro awiri m'chaka chimodzi.

Kenako linafika tsiku logawa zovala za malemu. Achibale anasonkhana pabwalo, mphasa zitayalidwa, ndipo mkulu wa banja ankatenga chovala chimodzichimodzi n'kutchula woti alandire. Ine ndinakhala kumbali ya amayi, pafupi ndi amama. A Kayange analipo ngati mnzawo wa malemu. Atafika pa jekete lakhaki lija anati lipite kwa Lukundo. Lukundo polilandira anamva kanthu kolimba m'thumba la m'kati. Anapisa dzanja n'kutulutsa kansalu komangidwa ndi ulusi, kakuda ndi manja. Atamasula, pa chikhatho pake panali rota yatsopano, yosagwirapo ntchito, koma yosalala m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa.

Aliyense pabwalopo anali atanamapo za kachipangizo kameneka, ndipo aliyense ankayang'ana mnzake. Amama anaimirira osadziwa kuti aimirira.

"Ndani?" anafunsa. "Ndani anamupatsa?"

A Kayange anavula chipewa n'kuchipinda m'manja. "Ndine, mulamu. Mundigowokere, ndikhululukireni."

"Imwe? Imwe amene ndinakuuzani poyamba penipeni?"

"Ndine," anatero. "Chaka chomwe chija inatayika. Anabwera ku galaja wapansi, ananditsekera pakona, akuti Kayange, anthu onsewa akundinamiza ndipo ndikudziwa, koma iwe tinadyera mbale imodzi. Ndinalephera kukana. Ndinakaitenga ndekha ku Tunduma. Pobwera nayo ndinali nditakonzeka kuti akangoiika, ine ndidula waya wina mobisa."

"Ndiye anatani?" anafunsa Lukundo.

"Anaigwira, anaisisita ndi chala, akuti iyi ndi yeniyeni. Ine ndinati tiyeni tikaike, kuti ndione chimene achite. Akuti yayi. Akuti, Kayange, tsiku lija pamlatho ndinamva kulira kwa mwana. Ndinafunsa za sipuling'i chifukwa cha manyazi, koma ndinamva, ndipo sindinamuone mwanayo ngakhale pang'ono. Rota ija siili mumtsinje, mfundo ya Nachinga siimasuka. Mayi uja wandichotsa pamsewu osandivula ulemu. Anthu akamati Simwela wasiya chifukwa ndi wakhungu, ndifa mawa. Koma pano ndine dalaivala amene akudikira sipeya."

"Nanga ankaifuniranji, ngati sankafuna kuiika?" Amama anafunsa.

"Nanenso ndinafunsa chomwecho. Akuti ndikufuna ikhale m'thumba mwangamu, kuti m'mawa uliwonse ndizidziwa kuti ndasiya ndekha, sanandilande. Ndinati nanga bwanji osawauza amama, mtima wawo ukhale pansi? Akuti ukamuuza ayamba kundimvera chisoni, azindigwira dzanja ngati wodwala. Kuli bwino tizikangana. Anandilumbiritsa, mulamu. Ndakhala nacho chinthu ichi ngati khala la moto."

Amama analowa m'nyumba, tinamva mtsuko ukukhuthulidwa, ndipo anatuluka manja ali mbuu ndi mawere. Anaika rota yakale pa mphasa pambali pa yatsopano ija. Anaziyang'ana zonse ziwiri, n'kuyamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, mpaka amayi anawagwira.

"Nkhalamba yabodza!" anatero akupukuta maso. "Zaka zonsezi kundinyoza pamaso pa alendo, chinthu chili m'thumba! Ndiye jekete ankalikaniza chifukwa chimenechi!"

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Anthu amene anatumidwa ku Tunduma anayamba kuwululana, wina n'kumati ndiye mdala uja ankandiyang'ana ndikunama, n'kumandithokozanso. Ine ndinakumbukira rota ya ku Nakonde ija imene anaibweza kuti ndi ya galimoto ina, ndipo nditamuyang'ana fundi Kayange anangogwedeza mutu n'kunena chapansipansi kuti inali yoyenera bwinobwino. Madzulo a tsiku limenelo amama anadya, mpaka anapempha kuti awawonjezere ndiwo.

Patapita milungu ingapo banja linagwirizana kuti galimoto ipite kwa mphwawo wa adada amene amalima ku Chisenga, munthu wa maso ake awiri, kuti izikanyamula chimanga. A Kayange anabwera ndi batire ndi mafuta, anatsuka mapulagi, n'kufunsa kuti aike rota iti. Amama anapereka yakale ija, akuti imeneyo ndiyo ikudziwa ntchito. Lukundo anachotsa mwala. Chigayo anatsetsereka mwakachetechete, ife mitima ili m'mwamba, mpaka pakati pa chitunda anatsokomola kawiri, utsi wakuda n'kutuluka, basi walira. A Kayange anathamanga pambuyo pake ngati mwana, akukuwa kuti amene anapanga galimoto imeneyi anali amuna. Mwini wake akanamva mawu amenewo akanawakumbutsa mpaka chaka chamawa.

Pansi pa mango tsopano ndi poyera. Patsala maenje anayi osaya pamene panakhala matayala, ndi banga lakuda la oyilo pamene udzu ukukana kumera. Nkhuku zimene zinkabisala dzuwa pansi pa galimoto zimafika n'kuzungulirazungulira, kenako n'kupita kwina. Ukaima pamenepo umaona njira yonse yotsikira kumlatho, amayi a nkhuni akuyenda m'mbali, ana a sukulu akuthamangitsana, osadziwa kuti panali nthawi imene moyo wawo unkasungidwa mu mtsuko wa mawere ndi m'thumba la jekete. Mwala uja palibe anauchotsa. M'mawa amama amatulutsa kapu imodzi ya tiyi n'kukhala pamwalapo, kenako amamasula mfundo ya chitenje, n'kuika rota yatsopano ija pambali pa kapu.